Kudziwa Bowa ndi Tinjere Take

Mvula ikakhazikika, nthaka nkufewa, akazi ndi ana amalawira m'mamawa kunka kuthengo ndi madengu awo kukazula bowa. Pa chulu apeza utale, ndipo pansi pa mitengo ya mombo ndi ya misuku apeza ndelema ndi manyame. Mayi wozolowera ntchito imeneyi sataya nthawi. Angoyang'ana chipewa cha bowa, nachitembenuza kuti aone kunsi kwake, nanunkhiza, ndipo adziwa msanga ngati ndi ndiwo kapena ayi. Wodyedwa ndiye amutcha bowa, koma wosadyedwa angoti ndi chirombo, namusiya pomwepo. Nzeru yotereyi njaikulu, ndipo m'nkhalango ya kwawo kwa mayiyo palibe buku limene lingaipose.

Komatu bowa ndi wosinthasintha. Dzuwa limafwifwitsa chipewa chake, mvula imatsuka timawanga tapamwamba, nkhono imadya mphete ya pa mwendo wake, ndipo bowa wanthete safanana ndi wokhwima ngakhale mtundu uli umodzi. Choopsa koposa nchakuti ilipo mitundu ina yofanana ngati mapasa, pamene wina ndi ndiwo, wina ndi imfa. Chifukwa chake nyengo ya dzinja zipatala zimalandira anthu odwala ndi bowa, nthawi zina banja lathunthu limene linadyera mbale imodzi. Tsono anthu ophunzira za bowa anafunafuna chizindikiro chimene dzuwa ndi mvula sizingachisinthe, ndipo anachipeza m'kanthu kakang'ono kosaoneka ndi maso.

Mlimi aliyense adziwa kuti khobwe, nyemba ndi nandolo zikangomera kumene zingasokoneze mlendo, koma mbewu zake sizinama. Munthu atatseka maso angathe kusiyanitsa njere ya dzungu ndi njere ya therere pongozikhudza ndi zala. Nanga bowa, mbewu yake ili kuti? Alibe duwa, alibe nkhwawa yoti nkusenda. Kale anthu a maiko ambiri ankaganiza kuti bowa amangobadwa yekha kuchokera ku zinthu zovunda, ndipo ena ankati amabadwa ndi bingu, popeza amaoneka mvula ya mabingu itapita.

Amene anaonetsa poyera kuti maganizo awa ngolakwa ndi Pier Antonio Micheli, munthu wa mumzinda wa Florence m'dziko la Italy, wobadwira m'banja losauka. Iye anatenga fumbi lochokera ku chuku, naliwaza pa zidutswa za vwende zodulidwa kumene. Patapita masiku, pa chidutswa chilichonse panamera chuku cha mtundu womwewo umene anawazapo. Zimenezi anazilemba m'buku lake lotchedwa Nova plantarum genera, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1729. Fumbi lija ndilo mbewu. Pa Chingerezi kanthu kamodzi ka fumbilo amakatcha spore, koma muno katchedwa kanjere ka bowa. Mwana asadabwe kumva chuku chikutchulidwa pamodzi ndi bowa, pakuti bowa, chuku cha pa nsima yogona, dzimbiri la pa masamba a chimanga ndi yisiti yotupitsira buledi, zonsezi ndi fuko limodzi lalikulu. Si zomera, si nyama, koma fuko lakelake.

Chimene anthu amazula ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi ulusi woyera wopyapyala umene umayanga m'nthaka, m'chipika chovunda, kapena pa mizu ya mitengo, ndipo umakhala momwemo chaka chonse. Mvula ikabwera ulusiwo utulutsa chipatso, ndipo ntchito ya chipatsocho ndi imodzi yokha, ndiyo kufalitsa tinjere. Kunsi kwa chipewa kuli timasamba topyapyala tondandana ngati masamba a buku. Pa nkhope ya katsamba kalikonse pali tizitsa tosawerengeka, ndipo pa kachitsa kamodzi pamabala tinjere 4. Kanjere kakakhwima, kadontho ka madzi kamaumbika patsinde pake, ndipo kadonthoko kakasuntha mwadzidzidzi kamakankha kanjereko kuti kadumphire m'mpata wa pakati pa timasamba tiwiri. Pamenepo kamagwa pang'onopang'ono kufikira mphepo itakanyamula. Kanjereka kamasiyana ndi njere ya chimanga, pakuti mulibe kamera wopangidwa kale mkati mwake; pa bowa ambiri kali kachipinda kamodzi kokha ka moyo, kamene ophunzira amakatcha selo.

Kuchepa kwa tinjere nkodabwitsa. Pa rula ya kusukulu, kampata kakang'ono koposa ndi milimita. Milimita imodzi ikagawidwa zigawo 1,000, chigawo chimodzi ndi maikulomita. Tinjere ta bowa ambiri ntotalika maikulomita 5 kufikira 15. Ndiye kuti tinjere 100 ta maikulomita 10 titandandalikidwa pa mzere tingakwane milimita imodzi yokha, ndipo tsitsi limodzi la munthu nlonenepa kangapo kuposa kanjere kamodzi. Koma chimene tasowa pa msinkhu tachipeza pa unyinji. Mphunzitsi wina wa ku University of Manitoba m'dziko la Canada, dzina lake Reginald Buller, anawerengera m'buku lake la m'chaka cha 1909 kuti bowa mmodzi wa kudambo la ng'ombe, wa chipewa cha masentimita 8, atulutsa tinjere 1,800,000,000. Bowa wina wamkulu wobulungira, wa mtundu uja umene umafuka fumbi mwana akauponda, anamuwerengera tinjere 7,000,000,000,000. Pafupifupi tonseto timagwa pamalo posayenera nkufa.

Ngakhale kanjere kamodzi sikaoneka, tikaunjikana tambiri timaoneka bwino, ndipo apa mpamene mwana wa sukulu angayambire popanda chida chilichonse cha mtengo wapatali. Atenge bowa wokhwima amene wazulidwa tsiku lomwelo, adule mwendo wake pafupi ndi chipewa, navundikire chipewacho pa pepala, timasamba titaloza pansi. Nkwabwino kuti theka la chipewa likhale pa pepala loyera, theka lina pa pepala lakuda, chifukwa tinjere toyera sitioneka pa choyera. Pamwamba pake avundikire mbale kapena kapu kuti mphepo isalowe, nasiye usiku wonse. M'mawa akanyamula chipewacho mosamala adzapeza chithunzi cha timasamba tonse chitalembeka ndi fumbi, mizere yochokera pakati kunka kumbali ngati masipoko a njinga. Bowa wanthete kwambiri, kapena wouma, salemba kanthu. Akatha ntchitoyi asambe m'manja, ndipo bowayo atayidwe kumene ana aang'ono ndi nkhuku sangafike.

Fumbi limeneli lili ndi mtundu wake pa bowa aliyense. La ndelema nloyera ngati ufa woyera. La manyame nloyera kapena lachikasu pang'ono. La utale nlofiirira motuwa ngati mkati mwa gwafa. La bowa wina wolimidwa amene amagulitsidwa m'masitolo a m'tauni nloderako ngati khofi wokazinga. Ena ali nalo longa dzimbiri, ena lakuda bii ngati mwaye. Elias Fries, wa ku Sweden, anaona kuti mtundu wa fumbiwu susintha monga chisinthira chipewa, ndipo m'buku lake la Systema Mycologicum, limene gawo lake loyamba linatuluka mu 1821, anagawa bowa wa timasamba m'magulu potsata mtunduwo. Magulu ake ambiri anakonzedwanso pambuyo pake, koma kufikira lero wophunzira bowa amayamba ndi funso lomwelo la Fries, lakuti fumbi lake nlotani.

Funso limeneli lokha lingapulumutse munthu ku matenda. M'maiko otentha, a mu Afrika pamodzi, pa udzu wa m'mabwalo mumamera bowa wamkulu wokongola, wa chipewa choyera cha mamba, wonga ambulera, dzina lake Chlorophyllum molybdites. Amafanana kwambiri ndi bowa wina wa ambulera amene ali wodyedwa. Akali wanthete timasamba take ntoyera, kotero kuti diso silimukayikira. Koma akavundikiridwa pa pepala atakhwima amasiya fumbi lobiriwira motuwa ngati ndere youma, pamene wodyedwa uja amasiya loyera. Wodya wobiriwirayo amasanza ndi kutsekula m'mimba koopsa patangopita maola ochepa.

Chitsanzo china nchomvetsa chisoni koposa. Ku China, ku Vietnam ndi maiko oyandikana nawo anthu amalima bowa pa mapesi a mpunga, wotchedwa Volvariella volvacea, amene ali ndi kathumba patsinde pa mwendo wake. Ena mwa anthuwa atasamukira ku Australia ndi ku America anapeza pansi pa mitengo bowa wa kathumba wonga wa kwawo uja, nadya, ndipo ena anafa. Sanali wa kwawo ayi, koma Amanita phalloides, amene apha anthu ambiri kuposa bowa wina aliyense pa dziko lapansi. Fumbi la bowa wa mpunga nlofiirira, la wakuphayo nloyera. Diso limene linaphunzira m'nkhalango imodzi limasanduka mlendo m'nkhalango ina, ndipo ichi nchoona kwa Mmalawi wopita ku Johannesburg monganso kwa munthu wa ku Vietnam.

Koma mitundu ya fumbi njochepa, pamene mitundu ya bowa ili zikwi zambiri. Oyera okhaokha ngosawerengeka. Pamenepa mpofunika maikulosikopu, chida cha magalasi angapo oikidwa m'chitsulo chonga mpope, chimene chimakulitsa kanthu kufikira ka 1,000. Wophunzira amapala fumbi pang'ono ndi nsonga ya singano, naliika m'kadontho ka madzi pa kagalasi kosalala, naphimba ndi kagalasi kena kopyapyala. Akasuzumira, fumbi lija silionekanso ngati fumbi. Aona tinthu tambirimbiri toumbika bwino, tonse tofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. M'galasi la kudiso muli karula kakang'ono, ndipo iye amayeza utali ndi mulifupi mwa tinjere 20 kapena kuposa, osati kamodzi kokha, popeza ngakhale m'chitsononkho chimodzi maso a chimanga salingana onse. Amatenga tinjere ta pa pepala tija chifukwa tidagwa tokha titakhwima. Ta pa katsamba tambiri timakhala tikali tosakhwima, ndipo tinganamize muyezo.

Tsono ayang'ana chiyani? Ayang'ana ngati kanjere nkobulungira, kapena konga dzira, kapena konga nyemba. Ngati khungu lake nlosalala kapena la minga. Ngati nlopyapyala kapena lochindikala. Ngati kumapeto kwake kuli kabowo kotulukira ulusi pomera. Nkhani ya utale ionetsa phindu la kuyang'ana kotere. Bowa wa pa chulu ndi wa m'munda wa chiswe. Chiswe chimatafuna udzu ndi nkhuni, nkuumba zisa pansi pa nthaka, ndipo pa zisazo chimalima ulusi wa bowa kuti ukhale chakudya chake. Chifukwa chake utale uli ndi muzu wautali wotsikira kuzisa. Fumbi lake nlofiirira, monga kwanenedwa kale. Koma liliponso gulu lina lalikulu la bowa, lotchedwa Entoloma, limene fumbi lake nlofiiriranso, ndipo m'gulu limeneli muli ena a ululu woopsa. Pa pepala awiriwa ngovuta kuwalekanitsa. Pansi pa maikulosikopu safanana mpang'ono pomwe. Kanjere ka bowa wa pa chulu nkosalala, konga dzira la nkhuku. Kanjere ka Entoloma kali ndi ngodya, kawirikawiri 5 kapena 6, konga mwala woswedwa ndi nyundo. Ngakhale mwana amene asuzumira koyamba angaone kusiyanako.

Anthu ophunzira omwe anasokonezekapo pamenepa. Kalipo kabowa kakang'ono koyera kamene kamamera kambirimbiri pamodzi pa dothi limene chiswe chatulutsa kunja, kodziwika mu Afrika ndi ku Asia komwe, ndipo nkokoma ngakhale kutola kwake nkotopetsa. Angerezi awiri, Berkeley ndi Broome, anakalemba koyamba mu 1871 kuchokera ku chisumbu cha Ceylon, chimene lero ndi Sri Lanka. Popeza fumbi lake linali lofiirira, mu 1887 kanaikidwa m'gulu la Entoloma. Koma tinjere take tilibe ngodya ndi imodzi yomwe. Mu 1942 Roger Heim wa ku France anasonkhanitsa bowa wolimidwa ndi chiswe m'gulu lawolawo, nalitcha Termitomyces, ndiko kunena kuti bowa wa chiswe, ndipo kabowa aka anakaika m'menemo. M'gulu lomweli muli Termitomyces titanicus, amene analembedwa mu 1980 kuchokera ku Zambia, ndipo chipewa chake chingafike mita yathunthu. Kabowa kochepa ngati khobidi ndi chibowa chodzaza lichero ali pachibale, ndipo tinjere tawo ntofanana maumbidwe.

M'nkhalango za mombo muli bowa ambiri a mnofu wofwanyuka ngati choko, ena ofiira, ena achikasu, ena otuluka mkaka akathyoledwa. Ameneyu ndi Russula ndi abale ake. Tinjere tawo m'madzi wamba timaoneka totuwa, tosaonetsa zambiri. Amene anatsegula njira yotionera bwino ndi Václav Melzer, mphunzitsi wa sukulu wa m'dziko limene lero ndi Czech Republic, amene ankaphunzira bowa pa nthawi yake yopuma. Mu 1924 iye anafotokoza za mankhwala osakaniza ayodini ndi zinthu zina, amene kufikira lero amatchedwa ndi dzina lake. Ayodini ndi yemweyo wopaka pa chilonda, ndipo akadonthezedwa pa ufa kapena pa chinangwa chodula, pamalopo pamada mobiriwira. Momwemonso kadontho ka mankhwala a Melzer kakagwa pa tinjere ta Russula, tizokongoletsa ta pa khungu lake timada, khungu lenilenilo nkutsala lotuwa. Pamenepo paoneka zodabwitsa. Tina tili ndi timinga tayekhatayekha ngati chipwete, tina timinga take talumikizana ndi timizere, tina takutidwa ndi ukonde wathunthu, ndipo tina tili ndi timapiko. Mitundu iwiri ya zipewa zofiira mofanana imalekanitsidwa ndi luso la ukonde umenewu.

Mankhwala omwewa ndiwo athandiza pa nkhani ya ndelema. Dzina lake la m'mabuku ndi Amanita zambiana, ndipo dzinalo liulula chinthu chimene ambiri odya ndelema sachidziwa, chakuti ndi mbale wake wa Amanita phalloides, wakupha uja. Onse awiri amatuluka m'chinthu chonga dzira, onse ali ndi kathumba patsinde, mphete pa mwendo ndi timasamba toyera. Fumbi la onse awiri nloyera, ndipo tinjere tawo ntosalala, tobulungira pang'ono. Apa mtundu wa fumbi walephera, maumbidwe nawonso sanena zokwanira. Koma m'mankhwala a Melzer tinjere ta wakuphayo timada mobiriwira, pamene ta ndelema sitisintha. Palinso zizindikiro za maso zogwirizana ndi zimenezi. M'mphepete mwa chipewa cha ndelema muli timizere tonga mano a chipeso, koma m'mphepete mwa wakuphayo ndi mosalala. Ndelema amakhala ndi mitengo ya m'nkhalango za mombo, pamene wakuphayo kwawo ndi ku Ulaya, ndipo anafika ku South Africa pa mizu ya mitengo yochokera kunja, makamaka ya oak. Ichi ndi chifukwa china chimene bowa ayenera kukumbidwa ndi tsinde lake lomwe, pakuti wodula pamwamba amasiya kathumba m'dothi, ndipo wataya mboni.

Munthu asathamangire kunena kuti Amanita aliyense wosada m'mankhwalawo ngwodyedwa. M'minda ya mitengo ya paini kumwera kwa Afrika mumamera Amanita muscaria, wa chipewa chofiira cha mawanga oyera. Tinjere take sitida, monga ta ndelema, koma womudya amaledzera, nasokonezeka mutu, nadwala. Chizindikiro chimodzi chimangochotsa mitundu ina pa mndandanda. Sichitchula dzina chokha.

Maumbidwe ena angotchulidwa mwachidule. Bowa wonenepa amene kunsi kwake kuli timabowo m'malo mwa timasamba kawirikawiri ali ndi tinjere tatitali tosongoka mbali zonse ngati njere ya mpunga. M'gulu la Inocybe, la tibowa todera ta ululu, muli ena a tinjere ta mabampu tonga nyenyezi. Chibowa cholimba chonyezimira chimene chimamera pa zitsa, chotchedwa Ganoderma, chili ndi tinjere ta makungu awiri, lina mkati lina kunja, ndi timizati tolumikiza makunguwo, ndipo nsonga yake ili ngati yodulidwa ndi mpeni.

Luso limeneli silithera pa ndiwo. Mlimi amalifuna koposa, chifukwa matenda ambiri a mbewu ndi abale a bowa. Iwo alibe chipewa kapena mwendo woti munthu ayang'ane, ndipo mawanga a pa tsamba amafanana; tinjere ndito timatchula dzina la nthenda. Mu 1869 pa masamba a khofi ku Ceylon panaoneka ufa wachikasu. Berkeley ndi Broome omwe aja atauyang'ana anapeza tinjere tachilendo, tokhala ndi minga kumsana koma tosalala kumimba, monga kanungu. Anautcha Hemileia vastatrix. Liwu loyambalo litanthauza kusalala theka, lachiwirilo wowononga. Dzinalo linayenera, pakuti pa zaka pafupifupi 20 minda ya khofi ya pa chisumbucho inatha, ndipo eni ake anatembenukira ku tiyi. Dzimbiri la khofi limeneli likuvutitsabe alimi m'maiko onse olima khofi.

M'munda wa chimanga ndi mtedza muli maumbidwe ambiri. Dzimbiri la chimanga lili ndi tinjere tobulungira ta timinga. Nthenda ya mawanga otuwa a pa masamba a chimanga, yotchedwa Cercospora, ili ndi tinjere tatitali towonda, togawika zipinda ngati mfundo za bango. Chuku choyera mofiirira chimene chimavunditsa chitsononkho ndi Fusarium, ndipo tinjere take tikuluti ntopindika ngati bwato, tosongoka kutsogolo ndi kumbuyo. Alternaria, wa mawanga a pa tomato, ali nato tonga chibonga, togawika m'litali ndi m'mimba momwe. Koma choopsa kwa wakudya ndi chuku chobiriwira mwachikasu cha pa mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume, Aspergillus flavus. Tinjere take ntobulungira, tolumikizana ngati mikanda, ndipo mikandayo imatuluka mbali zonse pa kamutu kamodzi. Micheli uja ndiye anapereka dzina la Aspergillus, poona kuti kamutuko kafanana ndi chida chowazira madzi m'tchalitchi. Ululu wake, wotchedwa aflatoxin, unadziwika pambuyo pa chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ululu umenewu umawononga chiwindi cha munthu, ndipo kukazinga mtedza sikuuchotsa wonse.

Masiku ano ophunzira ali ndi njira ina yoposa maikulosikopu, ndiyo kuwerenga DNA, malembo a chibadwa amene ali m'kati mwa selo lililonse. Njira imeneyi yaonetsa kuti mitundu ina ya tinjere tofanana kotheratu njosiyana, ndiponso kuti bowa ambiri a mu Afrika amene kale anapatsidwa maina a bowa a ku Ulaya ndi mitundu yaokha. Komabe njirayi ifuna makina odula ndi nthawi, pamene kagalasi ndi kadontho ka madzi ziyankha tsiku lomwelo. Wophunzira wochenjera amasonkhanitsa mboni zonse, chipewa, tsinde, fungo, mtengo umene bowa wamera pansi pake, fumbi ndi maumbidwe a tinjere, ndipo satchula dzina kufikira zonse zitagwirizana. Pepala la mwana wa sukulu lingamuuze kuti bowa uyu si uja amamuganizira, koma silingamupatse chilolezo cha kudya. Bowa wa m'nkhali akhale yekhayo amene akulu a pamudzi amudziwa bwino ndi dzina lake.

Ziliko mfundo zina zimene anthu amakhulupirira, koma nzonama. Ena amati bowa wodyedwa ndi tizilombo ngwabwino, chonsecho nkhono imadya Amanita phalloides osadwala. Ena amati kuwiritsa ndi kutaya madzi oyamba kumachotsa ululu, koma ululu wa bowa ameneyu suthawa moto, kapena dzuwa, kapena mchere, ndipo theka la chipewa chimodzi lingaphe munthu wamkulu. Kachitidwe kake nkonyenga. Wodyayo amakhala bwinobwino maola 6 kufikira 24, kenaka ayamba kusanza ndi kutsekula m'mimba. Pakapita tsiku kapena masiku awiri amaoneka ngati wachira, abale nkumasangalala, pamene chiwindi chake chili kuwonongeka. Chotero munthu aliyense wodwala atadya bowa apite naye kuchipatala msanga, pamodzi ndi onse amene anadya naye, ngakhale iwo asanamve kanthu, ndipo asabwerere kunyumba chifukwa chakuti kusanza kwaleka. Popita atenge bowa wotsala m'dengu, makoko ndi matsinde amene anatayidwa pokonza, ndi ndiwo zotsala m'nkhali. Zimenezi akulunge m'pepala, chifukwa m'jumbo bowa amavunda msanga. Ngakhale masanzi asatayidwe. Khungu la kanjere nlolimba ndithu, ndipo kawirikawiri limapirira kuphika ndi madzi a m'mimba omwe, kotero kuti wodziwa ntchitoyi angathe kupeza tinjere m'menemo ndi kuthandiza dokotala kudziwa gulu la bowa amene wadyedwa.